Masupuni Atatu a Ufa wa Tirigu

Kettie sadya tirigu. Ndinazidziwa tsiku lomwe ndinamuona koyamba, choncho pa zonse ndilembe pano pasapezeke wondikometsera kuti ine Mauro sindinkadziwa.

Chaka chimenecho ndinali nditangomaliza desima segunda, kalasi yomaliza ya sekondale, ndili pakhomo kudikira kuti moyo uyambe. Amayi anga, a Marcelina, amaphika mabolo, makeke a maukwati ndi a ubatizo, kwathu kudera la Mateus Sansão Muthemba mu mzinda wa Tete, ndipo poti ndinalibe chochita, wokatula mabolowo kwa eni ake ndinali ine. Tsiku lina anandituma kudera la Josina Machel, ku sitolo ya a Harold, bambo wa ku Mulanje amene wakhala mu Tete zaka zambiri akugulitsa nsalu ndi ziwiya za pulasitiki. Akazi awo, mayi Rose, ndi mnzawo wa amayi. Amayi anakulira ku Mwanza nthawi ya nkhondo, ndiye awiriwa akakumana, Chipwitikizi chimayamba chapuma kaye.

Bolo linali la tsiku lobadwa la a Harold. Analidula pa kauntala pomwepo, aliyense wolowa m'sitolo n'kulandira kachidutswa. Wogawa anali mwana wawo wamkazi, Kettie, wowonda, wa maso aakulu. Iye sanalawe. Atamaliza anakasamba m'manja ndi sopo kawiri.

"Bolo la amayi anga n'lonyansa choncho?" ndinamufunsa.

"Likununkhira mpaka ndikufuna kulira," anatero. "Koma ndikadya mudzandizonda kuchipatala, ndipo inu simukuoneka ngati munthu wodziwa kuzonda odwala."

Anandifotokozera uku akupukuta kauntala. Anadwala zaka ziwiri ali ku sekondale ku Malawi, m'mimba mosalekeza, thupi likungotha. Ena ankati ndi zilonda za m'mimba, ena ankati n'zakumudzi. Pomaliza madokotala a ku Blantyre anamulowetsa kapaipi kukhosi n'kupeza kuti matumbo ake sagwirizana ndi kanthu kena ka m'tirigu kotchedwa guluteni. Ngakhale kaufa kotsalira pa mpeni wodulira buledi kamamugoneka masiku atatu. Ndiye taganizani munthu wotere kumubweretsa mu Tete, mzinda umene m'mawa mumadzutsidwa ndi fungo la pau, buledi wathu wakuno, wotentha, ndipo mwana aliyense mumsewu wapanira mapau kukhwapa.

"Nsima ndimadya, mpunga ndimadya, sindikufa ndi njala," anatero. "Chomwe ndimasowa n'kudula. Kugwira mpeni, kudula chidutswa, kupaka batala ngati munthu wina aliyense."

Ndinabwerera kunyumba nditaiwala foroma ya amayi, chitsulo chophikiramo bolo. Mawa lake ndinakaitenga, n'kuipeza yotsukidwa, mkati muli paketi ya tiyi wa ku Mulanje. Ndi mwambo wa amayi athuwa: mbale ya mnzako sibwerera yopanda kanthu. Kuyambira pamenepo ndinkaiwala foroma kawirikawiri, mpaka amayi anati, "Iwe, tiyi wakwana m'nyumba muno. Uziiwala kwa anthu ogulitsa nyama."

Miyezi inayi tinkayenda limodzi madzulo dzuwa likafooka, kuchoka pa sitolo kukafika kumtsinje, kukaima poonekera mlatho. Ndinkamuwerengera ndakatulo zanga za Chipwitikizi, iye n'kumaseka m'malo olakwika. Ankanditcha "a ndakatulo". Ine ndinali nditamanga kale m'mutu nyumba yathu, ya khonde loyang'ana Zambezi, ndi mayina a ana awiri. Iye m'mutu mwake munali chinthu chimodzi chokha: sukulu ya unamwino ku Blantyre. Chaka chapitacho anamuitana ku intavyu ali chigonere, malo n'kupita kwa wina. Tsopano anali atamuitananso. Intavyu inali Lolemba m'mawa, ndipo iye anyamuka Lamulungu pa shapa, minibasi yopita kumalire ku Zóbuè, kukagona kwa azakhali ake ku Blantyre.

"Panjira ndidzadya nthochi," anatero. "Zina zonse zogulitsa pa windo ndi mandasi ndi mabisiketi."

"Udzadya buledi," ndinatero. "Wodula ndi mpeni."

"Ndipo wophika ndani?"

"Ine."

Anaseka mpaka kugwira chitsulo cha mpanda. Kenako anasiya kuseka n'kundiyang'ana. "Mauro, izi si ndakatulo. Ukalakwitsa mzere sungafufute."

Kaphikidwe kake ndinakapeza pa foni. Buledi wopanda tirigu, wa ufa wa mpunga ndi wa chinangwa pang'ono, mazira atatu, mafuta, uchi m'malo mwa shuga, kanela wonunkhiritsa, fermento yofufumitsira, ndiponso timaungu tatitali tobiriwira tija amati abobrinya, tofanana ndi nkhaka, tomwe azimayi a ku Angónia amabwera nato kumsika. Timaunguto ndi tomwe timachititsa buledi kukhala wofewa, poti ufa wa mpunga pawokha umauma ngati njerwa.

Amayi atamva anagwira pakamwa. "Maungu anthete m'buledi? Anthu akakhuta amaganiza zinthu. Ndiye ndiwo tidzayamba kuthira m'tiyi." Koma anavala magalasi n'kutenga foni ija, kuwerenga pang'onopang'ono monga amawerengera Baibulo. Pena anaima n'kugogoda ndi chikhadabo. "Apa. Akuti ukakwecha timaunguto uwaze mchere, udikire theka la ora, kenako ufinye m'nsalu mpaka madzi athe. Apa ndiye pali buledi wako yense. Zinthu zimenezi ndi madzi okhaokha. Wamva?"

"Ndamva, Mama."

"Sunamve. Makutu ako ali ku Josina Machel."

Kunena zoona ndinayesetsa, ndipo izi n'zomwe zimandipweteka kwambiri. Mpunga sindinapite nawo kuchigayo, poopa kuti mwina mwadutsa zina. Ndinauviika usiku wonse, kuuyanika, n'kusinja ndekha mumtondo masiku awiri, atsikana a nyumba yoyandikana nafe akundiimbira nyimbo za chinkhoswe pamwamba pa mpanda. Manja anatuluka matuza. Ndinagula sefa yatsopano ndi mthiko watsopano. Foroma ndinaikwecha ndi mchenga, kuitsuka ndi madzi otentha katatu. Ufa unatuluka makapu awiri ndendende, monga kaphikidwe kanafunira, osatsalako ngakhale wodzaza chikhatho. Amayi anandichapira kansalu koyera kofinyira, n'kukapinda bwino pa tebulo.

Loweruka madzulo anati, "Phika lero. Ugone, uzizire, mawa udulika bwino."

Ndinakana. Ndinkafuna kuti Kettie alandire buledi ali wotentha, kuti foroma imuotche manja pang'ono, kuti nthunzi imukwere kumaso pamene akudula. Chithunzi chimenechi ndinali nditachiona m'mutu kambirimbiri, ndipo buledi wozizira analibemo malo.

Lamulungu amayi anapita ku Misa yoyamba. Shapa inkanyamuka dez ora, teni koloko m'mawa. Ine ndinadzuka m'mamawa ndithu, nthawi ilipo yambiri, ndiye ndinati ndiyambe ndalemba kakalata koika pansi pa nsalu yovundikira buledi. Mizere inayi yokha. Koma mzere wachitatu unakana kukhala, wachinayi unabala ena, ndipo ndinafika pofanizira maso a Kettie ndi mtsinje m'mwezi wa Epulo. Nditadzutsa mutu, dzuwa linali litalowa kale m'khitchini mpaka pa mwendo wa tebulo. Ora lathunthu linali litapita. Buledi amafuna pafupifupi ora m'forno, uvuni ya amayi, ndiye ulendo wopita kokwerera mashapa.

Ndinakwecha timaungu tija mothamanga mpaka kudzicheka chala. Ndinayang'ana mulu wobiriwira uja m'mbale, ndinayang'ana kansalu. Theka la ora. Ndinafinya pang'ono ndi dzanja limodzi, timadzi tinadontha, ndinati basi zakwana, n'kukhuthulira zonse mu ufa.

Poyamba zinkaoneka bwino. Koma ndikutakasa, uchi ndi mchere zinayamba kukoka madzi m'timaungu muja, ndipo zosakaniza zija zinasanduka phala la mwana wakhanda. Ndikatukula mthiko zinkangoyenderera. Ndakulira m'khitchini ya wophika mabolo, ndinadziwa kuti ichi sichingaime m'forno. Chidzapsa m'mbali, pakati n'kukhala matope. Ndinagwedeza kathumba ka ufa wa mpunga. Fumbi lokha. Wa chinangwa unali utatha. Ufa wa nsima tinali nawo wa mgaiwa wokhakhala, ndipo ndinaona kuti uwononga kufewa konse.

Pansi pa tebulo panali ndowa yabuluu ya amayi, ya ufa wa tirigu.

Sindinganame kuti dzanja linapita lokha. Ndinaima, ndinaganiza. Ndinadziuza kuti madokotala amakonda kuopseza anthu. Ndinadziuza kuti masupuni atatu m'buledi yense ndi chiyani, poti iye adya zidutswa ziwiri zokha. Ndinadziuza kuti wakhala miyezi yambiri osadwala, matumbo analimba tsopano. Ndinafika podziuza kuti chophikidwa ndi chikondi sichingapweteke munthu, ndipo mawu amenewa anandikomera moti ndinaganiza zodzawaika m'ndakatulo. Koma pansi pa zonsezi panali chinthu chimodzi: sindinkafuna kukafika pa shapa chimanjamanja, iye n'kuseka kuti a ndakatulo alephera.

Ndinatenga supuni yaikulu yopakulira mpunga. Imodzi. Ziwiri. Itatu, yodzaza mpaka kutumphuka. Phala lija linagwirana nthawi yomweyo.

Buledi anatuluka wokongola kuposa bolo lililonse lomwe ndinanyamulapo. Pamwamba anang'ambika mzere umodzi wowongoka, timadontho tobiriwira tikuoneka mkati, nyumba yonse kanela yekhayekha. Ndinamukulunga ali m'foroma momwemo, kalata pansi pa nsalu, n'kukwera njinga yamoto.

Ndinapeza shapa itatsala anthu awiri kuti idzaze. Kettie anali atakhala pa windo, atavala bulauzi yoyera, envulopu ya masatifiketi ili pamiyendo. Atandiona anatsika.

"Ndimati mwagona, a ndakatulo."

Analandira ndi manja awiri, n'kusuntha zala chifukwa cha kutentha, ndendende monga ndinkaonera m'mutu. Anavundukula nsalu, nthunzi inamukwera kumaso. Kenako anayamba mafunso ake, omwe amafunsa aliyense, ngakhale amayi ake omubala.

"Sefa?"

"Yatsopano."

"Mthiko?"

"Watsopano. Mtengo wake ukadali kulira kunkhalango."

"Foroma?"

"Mchenga ndi madzi otentha, katatu."

"Tirigu mulibe?"

"Ngakhale fumbi lake."

Anatulutsa kampeni kake komwe amayenda nako m'chikwama. Anaika foroma pa bondo n'kudula pang'onopang'ono, lilime lili pakati pa mano ngati mwana wophunzira kulemba. Chidutswa chinagwa chathunthu, osanyenyeka. Analuma, n'kutsinzina.

"Zaka ziwiri ndi miyezi isanu osalawa buledi," anatero.

Anadya chachiwiri ali chiimire. Kondakitala anayamba kumenya chitseko. Kettie anandigwira dzanja lamatuza lija, kuliyang'ana, n'kulifinya pang'ono. Anali asanachitepo zimenezo pagulu. Shapa ikunyamuka ndinamuona pa windo akudula chachitatu.

Ndinabwerera wapansi dzuwa lonse lija, theka la mtima likuvina, theka lina likuwerenga zidutswa. Kunyumba ndinapeza amayi atabwera ku Misa, ataima m'khitchini, kansalu koyera kali m'manja, kopindidwa monga anakasiyira.

"Nsalu iyi bwanji ili youma?"

"Ndinafinyira ina."

Anandiyang'ana, anayang'ana pa chingwe choyanikira panja pomwe panalibe nsalu iliyonse, n'kupita kukavula zakutchalitchi.

Madzulo amenewo foni ya Kettie sinayankhidwe. Lolemba ndinatumiza mauthenga asanu ndi awiri, onse anangokhala. Anaimba Lachiwiri masana, mawu ake ali kutali ngati akulankhulira m'chitini.

Matenda anamuyamba atangodutsa malire, ali mu minibasi ya ku Blantyre. Anaimitsa galimoto kawiri, anthu akudandaula, kachitatu dalaivala anati sangaimenso. Anatsika pa Zalewa ndi chikwama chake, n'kukhala pamwala kuseri kwa sitolo ina mpaka azakhali ake anabwera kudzamutenga. Lolemba anadzikoka ndithu kupita ku intavyu. Anadikira pa benchi maora awiri. Dzina lake linaitanidwa ali kuchimbudzi, ndipo atatuluka anagwa m'khonde. Anadzidzimuka ali pa bedi, akumuika madzi m'mitsempha. Anamuuza mwaulemu kuti adzayesenso chaka chamawa.

"Ndinalowa m'sukulumo ndithu," anatero, n'kuyesa kuseka. "Kungoti ndinalowa ngati wodwala."

Ndinasinthira foni ku khutu lina.

"Mauro, usadzide. Ndikudziwa kuti si iwe, ndinaona manja ako. N'chifukwa chake ndikuopa. Tsiku lonse lija sindinadye china koma buledi wako ndi madzi a m'botolo. Ngati mpunga nawonso wayamba kundikana, kapena mazira, kapena chinangwa, ndiye nditsala ndi chiyani?"

Apa ndiye panali pa khomo lotseguka. Mawu anali okonzeka, atatu kapena anayi okha. Ine ndinati, "Pepa, Kettie. Mwina n'kutentha kwa panjira." Ndinkaganiza kuti achira, aiwala, ndipo nkhaniyi idzakhala yanga ndekha mpaka kumanda.

Anabwerera ku Tete patatha sabata. Foroma anaibweretsa ndi mayi Rose okha, yotsukidwa, muli mtedza wokazinga. Anandithokoza pamaso pa amayi, kuti masiku ano anyamata osinja mpunga chifukwa cha mwana wa eni ndi ochepa. Kenako anakhala pa mpando n'kuyamba kulira mwakachetechete. Kettie ankakana chakudya. Mpunga ayi, dzira ayi, chinangwa ayi. Ankamwa kaphala kamadzimadzi ndi nthochi imodzi patsiku, ndipo akamaliza ankakhala chete kumvetsera m'mimba mwake. Siketi zonse zinayamba kumugwa. A Harold anali kukonza zopita nayenso ku Blantyre kuti akamulowetsenso kapaipi kaja, chinthu chomwe Kettie ankachiopa kuposa matenda enieniwo.

Ine ndinapita kukamuona kawiri sabata imeneyo. Ndinamuwerengera ndakatulo. Sanaseke pena paliponse.

Mayi Rose atapita tsiku lija, amayi anadikira masiku atatu. Lachisanu m'mawa, akusefa ufa wa bolo la ukwati, analankhula osandiyang'ana.

"Ndowa iyi ndimaidziwa ngati nkhope yako. Ndikamaliza ntchito ndimasalaza ufa pamwamba ndi chikhatho, kuyambira usanabadwe. Lamulungu lija ndinapezamo maenje atatu."

Sefa inapitiriza kugunda pa dzanja lawo.

"Ndinadziuza kuti mwina unawaza pa tebulo, mwina unapangira zina. Mayi amadzinamiza, ndi ntchito yake. Rose atalira pampando apo ndinasiya kudzinamiza. Sindikakunenera, Mauro. Pakamwa uli napo, ndipo pamatuluka mawu ambiri okoma. Koma mwana wa eni akuopa mpunga. Mpunga, mwanawe."

Amati wofulumira adadya gaga. Kwathu wofulumira ndinali ine, koma gaga anadya ndi wina.

Kettie ndinamupeza kuseri kwa sitolo, pansi pa mtengo wa masau, atakhala pa mkeka akupinda nsalu zogulitsa. Mikono yake inali itabwerera mmene inalili tsiku loyamba lija, mwinanso kuonda kuposa pamenepo. Panjira ndinali nditakonza mawu ambiri, oyamba ndi mmene ndimamukondera. Nditamuona onse anathawa, ndipo n'chinthu chokha chabwino chomwe chinachitika tsikulo.

"Kettie, m'buledi muja munali tirigu."

Manja ake anaima pa nsalu.

"Sefa inakhudza?"

"Ayi. Ndinathira ndekha. Sindinafinye timaungu, zinachuluka madzi, nthawi inatha."

"Unathira."

"Ee."

"Wochuluka bwanji?"

"Masupuni atatu. Aakulu."

Tsau limodzi linagwa pa mkeka, iye analitola n'kuliika pambali. Kenako anatembenukira kukhomo la kukhitchini n'kuitana, mawu ake ali bwinobwino.

"Amayi, tandiphikireniko mpunga. Ndi mazira awiri."

Mayi Rose anasuzumira pa khomo, kutiyang'ana tonse awiri, n'kubwerera mkati mofulumira. Ndinamva poto akugunda.

"Ndinakufunsa, Mauro," Kettie anatero. "Pa shapa paja. Ukanati buledi walephereka, ndikanakuseka mpaka ku Zóbuè, ndikanadya nthochi zanga, lero ndikanakhala ndikuyeza yunifolomu. Chabwino, tinene kuti unachita mantha. Nanga Lachiwiri pa foni? Nanga masiku onsewa umabwera kudzandiwerengera za mtsinje, ukundiona ndikuopa dzira?"

"Ndinkaopa kukutaya."

"Ndiye unasankha kuti nditayike ndine, iwe usataye kanthu." Anatenganso nsalu n'kuyamba kupinda. "Pita. Ndikufuna kudya, ndipo sindikufuna wondiyang'ana."

Ndinakhala milungu itatu osaponda ku Josina Machel. Mabolo a kumeneko amayi ankakatula okha. Ndinamva kwa iwo kuti Kettie akudya, kuti ulendo wa kapaipi walephereka, kuti a Harold anati ndikadutsa pa sitolo ndidutse tsidya lina la msewu. Mayi Rose ndi amayi anapitiriza kucheza, koma kwa kanthawi ankalankhulana m'Chipwitikizi.

Ine ndinaviikanso mpunga. Ndinasinja makapu atatu m'malo mwa awiri. Atsikana a pampanda sanaimbe ulendo uno, nkhani inali itawafika. Loweruka lina ndinakwecha timaungu, kuwaza mchere, n'kukhala pa mpando kuyang'ana mbale. Theka la ora ndi kanthawi kochepa zedi. Munthu sungamalize ngakhale kumeta. Nditafinya m'kansalu kaja, madzi obiriwira anatuluka kapu yathunthu ndi theka. Ndinaima nayo kapuyo m'manja. Chaka cha Kettie chinali mmenemo.

Buledi anatuluka wamfupi pang'ono kuposa woyamba uja, wosang'ambika mokongola. Ndinamusiya agone. Mawa lake masana ndinamunyamula wozizira.

A Harold anandiona ndikulowa, sanandiyankhe moni, koma sanandithamangitse. Analoza ndi chibwano kuseri. Kettie anali pansi pa masau pomwe paja, masaya atabwerera pang'ono, akuwerenga buku la sayansi ya thupi la munthu. Analandira foroma ndi manja awiri poti analeredwa bwino. Anavundukula, kununkhiza, kudina pamwamba ndi chala.

"Uyu ndiye weniweni?"

"Amayi anaima pambali panga kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndowa anaitsekera kuchipinda kwawo. Ukhoza kuwafunsa."

"Sindikufunika kuwafunsa. Ndikudziwa kuti mulibe." Anabwezera nsalu pamwamba. "Mutu wanga ukudziwa. Koma ndangomva fungo la kanela, m'mimba mwayamba kale kudzikunga. Ndinakukhululukira, Mauro, sabata yatha, ndikutsuka mbale. Sizinali zovuta monga ndinkaganizira. Koma cha m'manja mwako sindingadye. Ndipo munthu amene sungadye cha m'manja mwake, ungapite naye kuti?"

Ndinali ndi yankho la m'ndakatulo, koma ndinalimeza.

"Unditumizire kaphikidwe kake pa foni," anatero. "Ndiziphika ndekha. Mtondo tili nawo."

Analowa ndi foroma m'nyumba. Ndinamva akuuza amayi ake kuti buledi akadule ku sitolo, bambo amwere tiyi. Ndinamva madzi akuthira, chitsulo chikukwechedwa. Atatuluka anandipatsa foroma yonyowa pang'ono, yovundikira ndi nsalu yanga. Inali yopepuka, koma mkati munagwedera kanthu. Ndinavundukula. Inali kalata ija, yopindidwa kanayi, pakona pali banga la mafuta.

"Mbale sibwerera yopanda kanthu," anatero. "Ndinaiwerenga pa Zalewa, nditakhala pamwala paja. Kawiri. Ndi yabwino, usaitaye. Pa maso ndi mtsinje paja ndinaseka, ngakhale m'mimba munkapota."

"Kettie..."

"Inakutengera nthawi yaitali bwanji kulemba?"

"Ora limodzi."

"Nanga kufinya timaungu kumafuna nthawi yaitali bwanji?"

"Theka la ora."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wapeza yankho la samu yomwe inamuvuta. Anakhala pa mkeka, n'kutsegula buku lake pomwe anasiyira.

Ndinatulukira m'sitolo. A Harold anali atadula kale buledi pa kauntala, akutafuna, nyenyeswa zili pa ndevu. Mayi wina wogula beseni anafunsa kuti timadontho tobiriwirato n'chiyani, iwo anati sakudziwa, koma alawe, ndi wabwino.